Mawu a M'guwa Anayetsemula

Moni nonse m'dzina la Ambuye, inu a m'mabenchi, ndi inunso amene mwaima pafupi ndi chitseko ngati mukudikira kuti wina aitane dzina lanu. Khalani pansi, pano palibe wosainitsa. Abusa atiitana ife a milandu ndi makolo athu, ndipo ine andipatsa malamulo awiri: ndisatalikitse, komanso ndisatsanzire mawu a munthu aliyense. Loyambalo ndiyesetsa.

Ine ndine Kondwani, koma mukafunsa dzina limenelo pa Kabudula akulozerani anyamata ambirimbiri. Funsani Wayilesi. Dzinali ndinalipata ndili Fomu 1, tsiku limene ndinabisala kuseri kwa kalasi n'kulengeza ndi mawu a ahedi kuti sukulu yonse iweruke. Inawerukadi, aphunzitsi awiri ali patsogolo. Amene mukudikira kuti ndinene kuti ndimachita nazo manyazi, mudikira mpaka mabenchi akupwetekani.

Kugwa kwanga kunayamba ndi chubu cha njinga. Ndili Fomu 2, zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndinachipaka matope n'kuchipinda bwinobwino m'chigafa cha aChimwaza, mlimi wa fodya wa kutsidya kwa dambo. Analowa kukaona fodya wawo, anatuluka opanda chipewa ndi nsapato imodzi, akukuwa kuti njoka. Atazindikira anandithamangitsa ndi mpini, ndipo ine pothawa ndinatembenuka n'kufuula kuti, "Fodya wanuyo tidzasuta tonse!" Anthu anaseka. Sungani mawu amenewo, chifukwa apolisi anawasunga.

Lachinayi lotsatira ndinali ndi ntchito ina. Mukudziwa kuti Lachinayi masana amayi amakumana m'tchalitchi. Guwa lathu ndi la matabwa, ndipo kunsi kwake kuli kachitseko kumene amasungako matsache. Ndinalowa mmenemo ndi ndowa yopanda kanthu. Mnzanga Mphatso anatseka kunja n'kupanikiza ndi msomali kuti chitseko chisayasame, n'kulonjeza kuti zikatha adzanditsekulira. Amayi anaimba, anapemphera. Atangoti zii, ndinalowetsa mutu m'ndowa n'kunena liwu limodzi lokha, lochokera pansi pa mimba:

"Bweza."

Sindinatchule dzina, sindinatchule chinthu. Ndinkangofuna kumva mapazi. Ndipo ndinawamva! Mabenchi kugwa, ana kulira kumbuyo, amayi anga enieni akufuula kuti, "Ndikabweza lero lomwe!" Mphatso naye atamva chiphokosocho anathawa osatembenuka, msomali uli pomwepo.

Munthu mmodzi sanathawe: aNachisale, mlembi wa amayi, amene anandiphunzitsa Sitandade 3 asanapume ntchito. Ndinamva mapazi awo akubwera pang'onopang'ono. Anagwada pafupi kwambiri, thabwa lokha pakati pathu, n'kuyamba kulankhula. Zimene ananena si zanu. Analankhula kupitirira ola lathunthu, akulira, ine miyendo itachita dzanzi, ndowa ili pachifuwa. M'guwa muja muli fumbi ndi zitosi za mileme. Ndinagwira mphuno, ndinaluma lilime, koma zinakanika. Ndinayetsemula. Kawiri.

Kenako anati, "Pepani," n'kupitiriza.

Anandipeza ndi aLufeyo, mdala wosamala tchalitchi, dzuwa litapendeka, pamene amadzatenga tsache. Anandikoka khutu mpaka pabwalo, kenako anakhala pakhonde n'kuseka mpaka kutsokomola. Anati, "Iwe, nkhani iyi ifere m'mimba mwako. Pobwera pano ndakumana ndi nkhwangwa yanga imene inasowa kalekale, ikubwerera yokha kunyumba."

Kutacha mudzi wonse unali pamsewu. Makasu, malichero, pampu ya njinga, nkhuku ndi anapiye ake, zonse zikubwerera kwa eni ake. Ababa analandira wilibala imene anali ataiiwala. Anthu analitcha tsikulo Lachinayi la Bweza, ndipo aNachisale anayamba kuyenda ndi umboni wawo ku Nsaru, ku Nambuma mpaka ku Mpingu: mawu anandilankhula, ndinabweza cha mwini, ndinapeza mtendere. Ine ndinkayenda ngati ndamanga mlatho.

Koma Lachinayi lomwelo, cha m'ma fili koloko, pamene ine ndinali wopindika m'guwa, chigafa cha aChimwaza chinapsa ndi fodya yense wa chaka chimenecho.

Loweruka apolisi anandiitana. Wapolisi anafunsa, "Unali kuti Lachinayi masana?" Apa ndi pamene pali tchimo langa lenileni, mvetserani. Ababa ndi mkulu wa mpingo. Amayi anali atabweza kale mbale za mwini. Ndikanati ndinali m'guwa, kunyumba kukanakhala maliro. Ndiye ndinati, "Ndinali kunyumba, ndimawerenga." Wapolisi analemba, ine ndinasaina. Amayi atamva kuti ndati ndimawerenga anaseka, poyesa kuti ndi nthabwala ina. Anandimasula tsiku lomwelo, ndipo kunali zii. Mwezi, chaka, zaka ziwiri. Ndinaiwala.

Failo siiwala. Imangogona. Wapolisi uja anasamutsidwa, pepala linatsala m'kabati. Mwana wa aChimwaza atabwera kuchokera kutauni anapita kukaligwedeza, ndipo linadzuka ndi njala. Ananditenga pasukulu, ndili Fomu 4, kutatsala milungu itatu kuti mayeso ayambe. Anzanga anaombera m'manja poganiza kuti apolisiwo ndawakonza ndine.

Masiku atatu m'chitokosi. Kenako rimandi, kutauni. Amene munafikako mukudziwa, sindikuphunzitsani. Munthu umakhala bondo lako lili pamsana pa mnzako, la wina lili pamsana pako, ndipo ukafuna kutembenuka umapempha anthu anayi. Ine amene ndinayesa kuti ola la m'guwa ndilo linali kupanikizika! Sabata yoyamba ndinkatsanzira nyapala, mkaidi wolamulira selo yathu, anthu n'kumaseka. Sabata yachitatu ndinawerengera kuti anzanga ali pa pepala la Chichewa, limene ndikanakhoza ndili mtulo. Kuyambira pamenepo pakamwa panauma. Belo inatuluka mayeso atatha, ababa atandiimira, ndi lamulo loti Lachisanu lililonse ndizikasaina kupolisi.

Anandipatsa loya wa boma, wa ife osauka, mayi wachitsikana wa mafailo odzadza chikwama. Tinakhala pansi pa mtengo kunja kwa khoti.

"Kondwani, usandinamize. Ndine ndekha padziko pano amene sukuyenera kumunamiza. Unali kuti?"

Ndinawauza zonse: ndowa, msomali, kuyetsemula, "Pepani". Zimene aNachisale anaulula zokha ndi zimene ndinasiya. Aloya anabisa nkhope m'failo, mapewa akugwedezeka. Kenako analemba, ine n'kusaina, n'kukapereka kukhoti.

"Anakuona ndani mmenemo?"

"Anthu awiri, madamu. Mphatso ndi aLufeyo."

"Ali kuti?"

"Mphatso ali ku Joni, foni yake inasiya kulira chaka chatha. ALufeyo ali kumanda."

"Amene tingamupeze msanga ndi uti?"

"Wa kumandayo, madamu. Malo ake timawadziwa."

Sanaseke. Anati, "Akanakuzenga mlandu mwezi womwe uja, anthu awiriwa akanalowa m'khoti ndi miyendo yawo, iwe n'kutuluka tsiku lomwelo. Zaka ziwiri zakudyera mboni."

Ndipo taonani mmene nthawi imakonderera. Mboni zanga inazidya, koma ya boma inainenepetsa. Panali mtsikana wina amene amatunga madzi padambo tsiku la moto. Poyamba anauza apolisi kuti anaona malaya oyera a sukulu akuthamanga patali. Patatha zaka ziwiri akumva m'mudzi monse kuti ndi Wayilesi, ndi Wayilesi, malaya aja anamera mutu, anamera makutu angawa. Analoza ine m'khoti osaphethira. Sindikuti ananama dala. Nkhani ikakhalitsa m'mutu imadzisoka yokha.

Aloya anaimirira n'kupempha kuti mlandu uthe, chifukwa boma linachedwa popanda chifukwa ndipo kuchedwako kwandilanda podzitetezera. Woweruza, bambo wa magalasi a pamphuno, anamvetsera mpaka kumapeto. Anati: "Kuchedwa ndakuona, ndipo sikukundisangalatsa. Koma kuchedwa kokha sikupha mlandu. Aliyense woima apo angathe kunena kuti mboni yake inamwalira, pakuti akufa satsutsa. Ndionetseni kanthu kosonyeza kuti nkhani ya m'guwayi siinabadwe dzulo. Pakadali pano ndili ndi pepala limene mnyamatayu anasaina yekha, loti anali kunyumba akuwerenga."

Pepala langa lomwe. Dzanja langa lomwe.

Tsono inayamba njira imene ambiri muno mukuidziwa. Mwabwera pa kabaza, mwakhala pabenchi kuyambira m'mawa, masana akuti woweruza ali kumsonkhano, bwerani mwezi wamawa. Mwezi wamawa mboni ya boma yasowa thiransipoti. Wotsatirawo failo yatsalira ku ofesi ina. Suli m'ndende, koma suli kunja. Malume anandipezera ntchito pa sitolo ku Mchinji, koma ndipita bwanji Lachisanu likundidikira? Sukulu anati bwera mlandu ukatha. Mtsikana amene ndinkamuperekeza anayamba kudzera njira ya kuchigayo. Nkhuku ikasowa m'mudzi, maso onse kwa ine. Sabata yanga inali ndi tsiku limodzi lokha, masiku ena onsewo anali ongodikira Lachisanu.

Ndinayamba kachasu. Ndinena mosabisa, popeza makolo muli pompano. Ndikasaina, ndinkakhotera kuseri kwa msika. Poyamba Lachisanu lokha, kenako ndi Loweruka, kenako sindinkafunsanso tsiku. Sabata ina ndinadzuka mumsika mbuzi ikundinunkhiza, n'kupeza kuti Lachisanu ladutsa osasaina. Ababa anapita okha kupolisi, mkulu wa mpingo, jekete lawo la Mgonero, kukagwada pamaso pa mnyamata wa msinkhu wa mwana wawo kuti belo isafe.

Atabwerako ndinawauza zoona. Ndinati, "Ababa, mawu a Lachinayi la Bweza ndinali ine."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Kondwani, wanamiza ahedi, wanamiza apolisi, wanamiza ine. Tsopano wafika pomubera Mulungu ntchito yake kuti upulumuke? Choka pamaso panga."

Moyo wanga wonse ndikanama anthu ankakhulupirira. Tsiku loyamba kunena zoona, palibe ndi mmodzi yemwe. Amayi a Lachinayi aloya atawafunsa, onse anayankha chimodzi: ife tinamva mawu a kumwamba, mwana wa aNabanda asatinyoze. Amayi anga omwe, aNabanda amenewo, ankangolira, osadziwa mbali yoima.

Aloya anandiitanira pambali. "Tsiku lomaliza ndi Lachiwiri likubwerali. Mayi amene anatsala m'tchalitchi uja tingamuitanitse ndi samani. Iwe udzanene m'khoti zimene anaulula. Ngati sanauzepo munthu, sadzatha kukana kuti unali mmenemo. Ukapanda kutero, kuotcha chigafa si mlandu wa chindapusa. Ndi zaka."

Masiku atatu ndinayenda nawo mawu amenewo. Kiyi wa ndende anali m'kamwa mwanga. Chiganizo chimodzi chokha, ine n'kutuluka, iwo n'kulowa m'manyazi amene sakanatulukamonso, mudzi wonse uli pa mawindo a khoti. Ndipo musandiyese woyera, ndinachiyeseza chiganizocho kudimba, mokweza, ndi mawu abwino kwambiri. Koma ine ndili ndi lamulo limodzi limene sindinaliphwanyepo: ndimaseka munthu ataimirira, osati atagwada.

Lolemba m'mawa ndinapita kwawo, wosamwa kanthu. Ndinawapeza pakhonde akusankha mtedza wa mbewu, lichero pamiyendo. Ndinakhala pansi, patali pang'ono, monga ndinkakhalira mu Sitandade 3.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi?"

"Ndadzuka. Ndamva zimene ukufalitsa, iwe mwana wa aNabanda. Wabwera kudzandiuza kuti ndakhala ndikunamiza mipingo zaka zitatu?"

"Ayi, aphunzitsi."

"Nanga?"

"Ndabwera kudzakuuzani kuti mawa sindikanena. Aloya akufuna ndikanene zimene ndinamva, koma sindikanena, ngakhale andimange. Ndimafuna mudziwe, kuti musade nkhawa."

Dzanja lawo linapitiriza kusankha mtedza. "Palibe chimene unamva, chifukwa sunalimo."

"Chabwino, aphunzitsi." Ndinadzuka. Koma pakamwa panga mukupadziwa, sipatha kuchoka popanda mawu otsiriza. Ndinati, "Komanso zikomo chifukwa cha pepani uja. M'guwa muja muli fumbi loopsa."

Dzanja linaima. Mtedza umodzi unagubuduka kuchoka m'lichero, kudutsa pakhonde, kukagwera pansi. Nkhuku inautola. Tonse awiri tinayang'ana nkhukuyo ngati ndiyo ikuweruza mlandu. Mu umboni wawo wonse, ku Nsaru, ku Nambuma, ku Mpingu, za kuyetsemula sanazitchulepo ngakhale kamodzi.

Anafunsa motsitsa, osandiyang'ana: "Zonse?"

"Zonse, aphunzitsi."

"Ndipo zaka zonsezi, ndi pakamwa pakopo?"

"Ngakhale Mphatso sindinamuuze."

"Pita," anatero. "Pita kwanu."

Ndinapita. Ndinakalongedza kachikwama: sopo, bulangete, malaya awiri. Ulendo uno ndinkadziwa zofunika kutenga.

Lachiwiri khoti linadzadza. Aloya anandiyang'ana, ine n'kupukusa mutu, iwo n'kupumira m'mwamba. Anaimirira kuti anene kuti tilibe mboni. Ndi pamene kumbuyo kunamveka mawu amene aliyense wophunzira pasukulu ya kwathu amawadziwa, mawu oimitsa msana:

"Tapatukani, ana inu, ndidutse."

ANachisale, atavala zoyera za Lachinayi pa Lachiwiri, atanyamula kanthu kokulunga m'chitenje. Analumbira. Anamasula chitenje n'kutulutsa kope lachikuto cholimba, limene mlembi amalembamo za msonkhano uliwonse wa amayi. Anthu inu, mphunzitsi wakale salumpha mzere. Anatsekula, anawerenga deti, ndipo linali lomwe lija la pa pepala la mlandu wanga. Kenako anawerenga ngati akupereka dikiteshoni:

"Msonkhano unatha nthawi isanakwane chifukwa cha mawu ochokera m'guwa, akuti Bweza. Amayi onse anathawa. Mlembi anatsala mpaka folo koloko. Mawuwo anayetsemula kawiri. Potuluka, mlembi anaona utsi kutsidya kwa dambo."

Aloya anasolola sitetimenti yanga, imene inali m'failo ya khoti kwa miyezi, kope lija asanalionepo munthu. Namonso munalembedwa kuti ndinayetsemula kawiri. Woweruza anaika mapepala awiriwo pamodzi, magalasi akutsetsereka.

Woimira boma anadzuka. "Amayi, mwayenda m'mipingo kuchitira umboni kuti anali mawu a kumwamba. Lero mwalumbira kuti anali mnyamata uyu. Umboni woona ndi uti?"

"Onse awiri, mwana wanga. Kutchalitchi ndimanena chimene mawuwo anandichitira. Kuno mwandifunsa kumene anachokera."

"Ndiye munadziwa kuyambira kale kuti anali munthu?"

"Ndinalemba chimene ndinamva, koma sindinafune kuchiwerenganso. Angelo sadwala chimfine, zimenezo ndinkazidziwa. Koma chimene ndinabweza chinali cha mwini ndithu. Mulungu amene analankhulitsa bulu angalephere kulankhulitsa uyu?"

Khoti linaphulika. Ine bulu ndinaima m'bokosi muja misozi ikutsika, ndikuseka nawo.

Woimira boma anayesanso. "Munalankhula chiyani kwa ola lathunthu?"

ANachisale anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kudenga. Woweruza anati funso limenelo silikukhudza chigafa, lisiyidwe. Kenako anati akufuna kumva yekha ngati mnyamata woonda chonchi angatulutse mawu othamangitsa tchalitchi chonse. Anabweretsa ndowa yokolopera. Ndinalowetsa mutu, patatha miyezi ndisanatsanzire ngakhale mwanapiye, ndipo ndinapereka zonse zimene ndinali nazo.

"Bweza."

Kenako kalaliki wa khoti anapisa m'thumba la malaya, anatulutsa cholembera, n'kuchiika mwakachetechete patebulo la woweruza.

Chigamulo chinatuluka patatha milungu iwiri. Woweruza anati kuchedwa kwa boma kunandilandadi mboni ziwiri zimene zikanathetsa nkhaniyi pachiyambi, ndipo kope laonetsa kuti mbonizo sizinali zopeka. Anatinso maso amene amaona bwino patatha zaka ziwiri kuposa patatha masiku awiri, khoti liyenera kuwasamala. Anandimasula. Koma asanatseke anandikalipira chifukwa cha bodza la kuwerenga lija, ndipo anali ndi chifukwa. Ababa ananyamula kachikwama kanga n'kukakweza panjinga yawo, ine n'kukhala pakaliyala ngati mwana wa Sitandade 1.

Musaombe m'manja msanga. Chaka changa cha sukulu palibe anachibweza. Amene anaotcha chigafa sanapezeke, ndipo sadzapezeka, chifukwa zaka zimene ankayang'ana ine mapazi ake anafufutika. AChimwaza nawonso kuchedwa kuja kunawadyera mlandu wawo. Ndinapita kukawapepesa za chubu chija ndi mawu aja a kusuta. Anandiyankha kuti nsapato yawo imodzi sanaipezebe.

Tsono inu amene muli m'njira imeneyi, tengani izi. Tsiku loyamba kupolisi nenani zoona, ngakhale zikhale zopusa bwanji. Chopusa chimachititsa manyazi sabata imodzi, bodza losainira limakudikira zaka. Akakumasulani osakuuzani kuti nkhani yatha, musayese kuti yatha. Lero lomwe, mukatuluka pano, gulani kope. Lembani kumene munali, nthawi yake, amene anakuonani, kwawo, ndi foni ya m'bale wake amene sasamuka. Ngati mboni yanu ndi yokalamba kapena ikukonza pasipoti, pitani nayo kwa aloya ilembetse mawu ake ikadali pafupi. Ndipo mukafika poti boma lachedwa, musangoti lachedwa. Woweruza amadziwa kuwerenga kalendala. Muuzeni chimene mwataya: ndani, akananena chiyani, ndipo chikusonyeza kuti akananenadi n'chiyani. Za kachasu, ine ndinasiya pochita chinthu chimodzi: ndikasaina ndinkabwerera njira ya kuchipatala, osati ya kumsika. Ndi yotalika, koma imafika kunyumba.

Ndabwerera Fomu 4, ndimakhala kumbuyo ndi ana amene ndinkawatuma. Lachinayi lililonse ndikaweruka ndimapita kwa aNachisale kukalemba mapepala a mayeso akale, ndicho chilango chimene anandigamula okha. Kachitseko ka guwa tsopano kali ndi loko, kiyi amasunga iwo. Amayi ena mpaka lero sawapatsa moni, akuti anagulitsa chozizwitsa. Maulendo a ku Nambuma ndi ku Mpingu anachepa. Koma akaitanidwa amapitabe, ndipo masiku ano za kuyetsemula amazinena.

Tsiku lina ndinawafunsa, "Aphunzitsi, ndinakuuzani kuti sindikanena. Mukanangokhala kunyumba, umboni wanu ukanatsala wathunthu. Munabwereranji?"

Sanakweze mutu pa pepala langa limene ankalichonga ndi cholembera chofiira. Anati, "Mawu aja anati chiyani?"

"Anati bweza."

"Ndiye ndinaona kuti ndasunga mwana wa mwini m'kope zaka zitatu. Apa walakwitsa, lembanso."

Abusa akundiyang'ana, akufuna amve ngati ndalapa. Za bodza la kupolisi ndinalapa, za kachasu ndinalapa. Za m'guwa, abusa, mundikhululukire, wilibala ija ababa akuigwiritsabe ntchito.

Koma ndisanakhale pansi. Muno simuli a milandu okha. Muli ena amene mukudziwa kumene mwana wa mnzanu anali tsiku limene akumunenera, ndipo mwakhala chete chifukwa mukanena mudzaoneka opusa, kapena mudzafunsidwa kuti nanga inu mumatani kumeneko. Tsiku limenelo si lanu. Mwini wake akusaina Lachisanu lililonse, akulidikira.

Lamulo loyamba ndaliphwanya kale, abusa, ndiye lachiwirili lisatsale lokha. Tandipatsirani ndowa ili pakhomopo.